Kalata yotseguka kwa atsogoleri a chigawo cha Kum'mawa: ng'oma zathu si zotsegulira misonkhano chabe

Kwa Olemekezeka a Nduna ya chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, akuluakulu a maofesi oona za achinyamata, zaluso ndi chikhalidwe, makhansala ndi makomiti a CDF (thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu) m'maboma athu onse, ndiponso atsogoleri a mabungwe omwe si aboma amene mumagwira ntchito kuno kwathu.

Ndiyambe ndi kugwadira eni nthaka. Yoo Gawa! Bayete Nkhosi! Kwa mafumu onse a Achewa, Angoni, Ansenga, Akunda, Atumbuka ndi Asenga, ndapereka ulemu. Nkhani ya m'kalatayi ikukhudza magule amene inu mumasunga, choncho sindingayankhule musanamve. Kwa inu akuluakulu a boma ndi a mabungwe, landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu.

Ine ndine mayi wa kuno ku Chipata. Ntchito yanga ndi yolangiza anthu za malamulo m'midzi ndi m'makomboni, ija m'maofesi amati paralegal. Ndinenso woponya nyimbo m'gulu la chimtali ndi chitelele, ndipo ng'oma ya chinamwali ndinaiphunzira kwa agogo anga amene anali namkungwi. Anthu ambiri amati izi ndi zinthu ziwiri, china ntchito china masewera. Kwa ine ndi anzanga a ku Katete, Chadiza, Vubwi, Sinda, Petauke, Mambwe ndi Lundazi ndi ntchito imodzi. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti ntchito imeneyi mumaidalira chaka ndi chaka, koma m'mabajeti anu, m'mapepala olembera antchito ndi m'zipinda zopangira mfundo mulibe dzina lathu. Achinyamata aluso amene akanaipitiriza akuisiya mmodzimmodzi, ena kukapalasa njinga za kabaza, ena kukagulitsa zovala za salaula pa msika wa Kapata.

Mundilole ndifotokoze kaye mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa ambiri a inu mumangoona kachigawo kake kakang'ono patsiku la mwambo.

Tikafika pamudzi sitiyamba ndi pepala. Timayamba kwa anyakwawa kukapempha bwalo. Anyamata amasonkha moto wa mapesi n'kumawotha nawo ng'oma, kuzitembenuza pang'onopang'ono mpaka chikopa chitakungika, wina n'kumata phula pakati kuti mawu amveke bwino. Mbalule ikangolira, amayi amene anali pamtondo, kudimba ndi kuchitsime amayamba kufika okha, ana ali patsogolo, madoda akutsatira m'mbuyo ndi timipando tawo. Kalata ya ku ofesi ikaitana msonkhano pamabwera anthu owerengeka, kawirikawiri omwewomwewo. Ng'oma imabweretsa ndi uja amene sakanabwera akanadziwa kuti nkhani ikhudza iyeyo.

Nyimbo yathu ina imati, Alamu siyani mapoto, ana adyera pati? Amayi amaivomera mwamphamvu, chifukwa aliyense pabwalopo akudziwa khomo limene zinachitika. Ng'oma ikaleka ndimaima pakati n'kufotokoza zimene lamulo la chuma cha masiye la mu 1989 limanena munthu akamwalira osasiya wilo: magawo 50 mwa 100 ndi a ana, 20 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ndi a makolo a malemu, 10 ndi a ena amene ankadalira malemuyo. Ndimawauzanso kuti wamasiye ali ndi ufulu wokhala m'nyumba ya banja pamodzi ndi ana mpaka atamwalira kapena atalowa banja lina. Chowawa sindibisa: lamuloli silifika pa munda wa m'dziko la mfumu. Mayi amene anapita kuchitengwa akhoza kubwezeredwa njinga ndi malata, munda n'kumulanda ndithu. Apa ndi pamene nyimbo imathandiza pamene khoti silifika, chifukwa anyakwawa ndi nduna zawo amakhala ali pompo, amva mudzi wonse ukuvomera, ndipo tsiku logamula za mundawo sangachite ngati sanamve.

Gule akatha ndiye ntchito yolemera imayamba. Tikumanga ng'oma panjinga, pamabwera mayi ali ndi mwana kumbuyo, n'kuyembekeza kuti anthu achepe, kenako n'kunena motsitsa mawu kuti, Amayi, ndili ndi mawu pang'ono. Wina ndi wamasiye uja. Wina mwana wake wa Giredi 7 ali ndi pakati ndipo kuchimuna atumiza kale mbuzi kuti nkhani ithere pakhomo. Wina amamenyedwa ndipo sanauzepo munthu. Anthu amenewa timawaperekeza kupolisi ku ofesi ya Victim Support, kuchipatala, kwa aphunzitsi aakulu kuti mwana adzabwerere kusukulu akachira, kapena timawaimbira 116 ndi 933, manambala a foni othandiza ana ndi ochitiridwa nkhanza. Ulendo wa basi ndi talktime zimachoka m'thumba mwathu. Palibe lipoti la bungwe lililonse limene limawerenga maulendo amenewa.

Dandaulo langa loyamba ndi la mmene mumatiitanira. Pa 8 Marichi tsiku la amayi, pa 12 Marichi la achinyamata, pa 16 Juni la mwana wa mu Africa, pa 1 Disembala lokumbukira za Edzi, ndi m'masiku 16 aja olimbana ndi nkhanza kuyambira pa 25 Novembala, mafoni athu sapuma. Timauzidwa kufika m'mamawa. Timadikira padzuwa ndi njala mpaka alendo afike, timavina akamatsika m'galimoto, timavinanso pakati pa zolankhula kuti anthu asabalalike. Kenako woyendetsa mwambo amati tiwaombere m'manja a zachikhalidwe, ife n'kutuluka pabwalo. Zokambirana zenizeni zimakachitikira kuloji, kumene sitiitanidwa, chonsecho nkhani zimene zikukambidwa kumeneko ndife timazitola m'midzi.

Za malipiro ndingopereka chitsanzo chimodzi. Bungwe lina, limene sinditchula, linatitenga gulu lonse kupita kumudzi wakutali pa lole yopanda tenti. Tinavina tsiku lonse. Madzulo aliyense anapatsidwa K50 ndi botolo la chakumwa, n'kutiuza kuti yotsala idzabwera kumapeto kwa mwezi. Mpaka lero sinabwere, ndipo tilibe pepala lililonse loti tingakadandaulire nalo. Ochokera kumaofesi anasaina maalawansi awo tsiku lomwelo ife tikuona. Sindikuwachitira nsanje, nawonso anagwira ntchito. Chimene ndikufunsa n'chakuti, bajeti ikamalembedwa, bwanji mzere wa mafuta ulipo, wa tenti ulipo, wa zokuzira mawu ulipo, koma anthu amene asonkhanitsa khamulo alibe mzere? Lipoti la ulendowo litatuluka, chithunzi cha pachikuto chinali cha atsikana athu ali m'kati movina.

Dandaulo lachiwiri ndi la mauthenga. Nthawi zambiri timalandira pepala lolembedwa kutali m'Chingerezi, n'kuuzidwa kuti tiike mawu amenewa m'nyimbo pofika mawa. Tinachita zimenezi pa korona mu 2020, tinachitanso pa kolera kumayambiriro kwa 2024 pamene sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Pa matenda ofulumira chotero sitikana, uthenga ndi wosamba m'manja ndi kuwiritsa madzi. Koma nkhani za ukwati, za thupi la mtsikana, za chuma cha masiye, sizingalowe pabwalo ndi mawu osasankhidwa. Pali mawu amene mayi sangatchule pamaso pa apongozi ake. Pali nkhani zimene zimayenera kuyambira kwa amalume a mwana chifukwa ndiwo eni mbumba, pamene kwa Angoni zimayambira kuchimuna. Wolemba uthenga akapanda kudziwa zimenezi, akuluakulu amanyamuka n'kuchoka pabwalo, ndipo ife amene timakhala komweko ndife timatsala ndi manyazi ndi udani. Mukanatiitana poyamba tikanakuuzani polowera.

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri, ndi chizolowezi chonena za miyambo yathu ngati gwero la mavuto onse a mwana wamkazi. Ndamva kambirimbiri pamisonkhano mawu akuti chinamwali ndicho chikuononga atsikana. Ine sindibisa zoipa. Fisi ndi kusasa fumbi ndi nkhanza kwa mwana, ndipo aliyense wochita kapena wokonza zimenezi ayenera kukaonekera kukhoti. Kutsekera mtsikana m'nyumba pamene anzake ali m'kalasi ndi kumulakwira. Kuphunzitsa mwana wa zaka 12 malangizo a m'chipinda amene makolo athu ankasungira wolowa m'banja ndi kumuika pangozi. Vutoli ndi lalikulu: kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Ife sitifunika kuwerenga lipoti kuti tidziwe zimenezi, timawaona kusikelo.

Koma ndani amalowa m'nyumba ya namwali? Nduna salowamo, wapolisi salowamo, wa bungwe salowamo. Amalowamo ndi namkungwi, phungu ndi amayi oimba ng'oma. Ngati uthenga wakuti ukwati udikire, sukulu ipitirire, ndipo munthu wamkulu akakugwira thupi unene, uti ufike kwa mtsikana pa nthawi imene akumvetsera ndi mtima wonse, udzafika kudzera mwa amayi amenewa. Ndaona anamkungwi amene anagawa mwambo pawiri: kwa wotha msinkhu amaphunzitsa ukhondo, ulemu, kudzisunga ndi kukonda sukulu, ndipo za m'banja amazisungira mkwatibwi wamkulu amene tsiku lake la ukwati layandikira. Anasuntha chinamwali kuti chizichitika sukulu zikatsekera. Anapeka nyimbo zatsopano pa ng'oma zakale zomwezo. Anachita zimenezi popanda malipiro, ena akunyozedwa ndi anzawo kuti agulitsa mwambo. Amayi amenewa akamva pawailesi wamkulu wina akunena kuti anamkungwi ndiwo adani a chitukuko, mukuganiza amamva bwanji? Ena amangotseka chitseko, mwambo n'kumachitikira mobisa, kumene palibenso angaone zolakwika.

Malamulo tili nawo abwino. Kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Mu 2011 kunabwera lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Mu 2013 dziko linayamba kampeni yothetsa maukwati a ana kudzera mwa mafumu. Mu 2022 kunabwera lamulo la ana, ndipo chaka chomwecho sukulu inakhala yaulere mpaka Giredi 12. Kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linakonzedwa kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, usakhale ukwati pamaso pa lamulo. Koma pitani kumidzi ya m'malire ndi Mozambique mukafunse agogo amene akulera zidzukulu zisanu ngati anamvapo za lamulo la 2023. Chilala cha 2024, chimene Mtsogoleri wa dziko analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinatisonyeza kuti nkhokwe ikakhala yopanda kanthu, mwana wamkazi ndiye amayamba kuyang'anidwa. Lamulo lili m'buku ku Lusaka. Wolifikitsa pakhomo la agogo aja m'chinenero chawo, ndi mawu oti sangawaiwale, ndi ife. Mafumu ngati a Madzimawe asonyeza kale kuti mfumu ikaimirira pa nkhaniyi maukwati a ana amathetsedwa ndipo ana amabwerera m'kalasi. Magulu a magule ndiwo angafalitse zimenezi mudzi ndi mudzi.

Tisaiwale anyamata. Ku Katete, Chadiza ndi Petauke alipo ambiri amene amakulira kubusa, kuweta ng'ombe za eni kwa zaka kuti adzapatsidwe imodzi, sukulu osaiona. Ena ali m'minda ya fodya. Iwowa pamsonkhano wa m'kalasi simungawapeze, koma ng'oma ikalira madzulo amabwera.

Chachinayi ndi ulemu wa Gule Wamkulu. Ine ndine mkazi, malire anga ndimawadziwa, ndipo za kudambwe sindingazilankhule. Ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo. Gule ali ndi eni ake, amatuluka pa mzinda ndi chilolezo cha mfumu, pamaliro, pachiliza, pachinamwali, polonga ufumu. Kuyambira kale zilombo zakhala zikudzudzula ulesi, chiwerewere, kuledzera, umbombo ndi kudzikuza, ndipo ngakhale atsamunda sanasiyidwe. Kudzudzula choipa pamaso pa mudzi wonse sitinaphunzire kwa mabungwe, tinakupeza pabwalo. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi mu 2005, n'kumulemba m'ndandanda wake mu 2008, m'dzina la Zambia, Malawi ndi Mozambique. Nanga bwanji lero timaona gule akutengedwa pa lole kukakopa anthu pamsonkhano wandale kapena potsatsa malonda, eni mzinda osadziwa? Bwanji alendo amajambula mavidiyo n'kuwaika pa Facebook ndi pa YouTube, ena n'kumapezerapo ndalama, mudzi osalandirapo kanthu? Lamulo loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe linakhazikitsidwa mu 2016, koma m'midzi imene ndimayendamo sindinakumanepo ndi nyakwawa amene anafotokozeredwa za lamuloli. Ife a magulu ophunzitsa anthu tili ndi magule okwanira ntchito yathu: chimtali, chitelele, nsongwe, muganda, ngoma. Musatikakamize kubweretsa gule pamalo posayenera chifukwa choti mlendo akufuna chithunzi.

Chachisanu ndi chitetezo. Nyimbo ikakhudza munthu wamphamvu pamudzi, monga wabizinesi amene wapereka pakati kwa mwana wasukulu, galimoto za alendo zimabwerera kutauni ife n'kutsala naye. Mnzathu wina woimba ng'oma anapeza ng'oma zake zitabooledwa usiku, ataperekeza banja lina kupolisi. Ine ndemwe ndinauzidwapo pamsika kuti ndichepetse pakamwa ngati ndikufuna kulera ana anga. Amene anatituma kukaimba titawauza, anati pepani, ntchito yathu m'dera limenelo inatha. Palinso atsikana a m'magulu mwathu amene amabwerera usiku pa malole, ndipo ena amavutitsidwa ndi amuna omwewo amene akonza mwambo, powauza kuti akakana gulu lawo silidzaitanidwanso. N'zomvetsa chisoni kuti mwana amene wavina masana kudzudzula nkhanza akumane nazo madzulo a tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi ndi tsogolo la ntchitoyi. Mtsikana kapena mnyamata amene wamaliza Giredi 12, wodziwa ng'oma ndi kupeka nyimbo, wokhalanso ndi mtima womenyera anzake chilungamo, alowere kuti? Makolo ake amamuuza kuti kuvina sikudyetsa, ndipo monga zinthu zilili sakunama. Akafunsira ntchito kubungwe amamufunsa satifiketi, luso lake la pabwalo osaliwerengera. Chonsecho maziko alipo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, a Chikwakwa Theatre a pa University of Zambia ankayenda ndi masewero m'midzi m'zinenero za eni ake. National Arts Council, bungwe la boma loona za zaluso, ilipo kuyambira 1994. Mu 2018 University of Zambia inalengeza maphunziro a digiri ya chuma cha chikhalidwe mothandizidwa ndi UNESCO, ngakhale ena anawanyoza kuti ndi digiri ya ufiti, mawu amene anatipweteka ife tonse osunga miyambo. Lamulo la thandizo la zamalamulo la mu 2021 limazindikira ma paralegal. Ana athu amapikisana bwino m'magule a m'sukulu kudzera mu NASAAZ, bungwe la zaluso la m'sukulu. Chimene chikusowa ndi njira yolumikiza zonsezi kuno kwathu, kuti mwana wa ku Chipangali kapena ku Lumezi asachite kusankha pakati pa ng'oma ndi ntchito.

Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Tikuyamikira makalasi, madesiki ndi ana amene akulipiriridwa maphunziro a ntchito zamanja. Koma gulu lathu litapempha thandizo logulira ng'oma, zovala ndi njinga, wina wa m'komiti ina anatibweza ndi mawu akuti kuvina si bizinesi, tikalembe za nkhuku kapena za mbuzi. Nkhuku n'zabwino, koma si zimene ife timadziwa. Osema ng'oma nawo akukalamba. Mitengo ikuluikulu yoyenera ng'oma yatha ndi makala, chikopa cha ng'ombe chakwera mtengo, ndipo mdala amene amatikonzera ng'oma zathu alibe mnyamata ndi mmodzi yemwe womuphunzira. Malo ophunzirira nawo tilibe. Timakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mnzathu, ndipo mvula ikayamba timaleka.

Nc'wala ya Angoni inabwerera mu 1980 ndipo Kulamba kwa Achewa mu 1984, atsamunda ataziletsa kwa zaka zambiri. Lero ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi ku Mkaika mu Ogasiti kumasonkhana makamu ochokera m'maiko atatu ndi kupitirira, malo ogona ku Chipata ndi ku Katete amadzaza, makampani amamanga matenti awo. Onsewo amabwera kudzaona ovina. Ovinawo ndi anthu omwe aja amene miyezi ina yonse amayenda m'midzi kuphunzitsa za ukwati wa ana ndi chuma cha masiye, ambiri opanda ndi nsapato yabwino yomwe.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Ofesi ya boma kapena bungwe lililonse loitana gulu la magule lizilemba pangano lisanafike tsiku la mwambo, losonyeza malipiro a munthu aliyense, mayendedwe, chakudya ndi tsiku lolipira. Akuluakulu a zaluso m'chigawo akhale pansi ndi magulu n'kugwirizana mtengo wochepetsetsa umene aliyense azitsata, ndipo ulengezedwe pawailesi kuti tonse tiudziwe.

2. M'makomiti a m'maboma oona za nkhanza, za ana ndi za chitukuko mukhale mpando wa woimira magulu a magule ndi wa woimira anamkungwi, osankhidwa ndi anzawo, okhala ndi mawu pogamula.

3. Mauthenga a makampeni azikonzedwa pamodzi ndi ife kuyambira pachiyambi, m'Chichewa, Chinsenga, Chitumbuka ndi zinenero zina za kuno, ndipo ayambe ayesedwa pamudzi umodzi asanafalitsidwe.

4. Anamkungwi aphunzitsidwe za lamulo la ana la 2022 ndi la maukwati la 2023, m'midzi mwawo, mafumu akudziwa. Ophunzitsa akhale amayi anzawo odziwa mwambo. Amene asintha kale kaphunzitsidwe kawo azindikiridwe poyera, ndipo akuluakulu polankhula pagulu asiyanitse mchitidwe woipa ndi chinamwali chenichenicho. Amene apezeke akupereka ana kwa fisi, lamulo ligwire ntchito mosayang'ana nkhope, ndipo ife tidzakhala oyamba kuchitira umboni.

5. Makomiti a CDF alandire malangizo omveka akuti magulu a zaluso olembetsedwa ali ndi ufulu wopempha thandizo ngati magulu ena onse. Pa ndalama zolipirira maphunziro pakhale malo a achinyamata ofuna kuphunzira ulangizi wa zamalamulo, ntchito zothandiza anthu, nyimbo ndi masewero.

6. Koleji imodzi mwa zimene zili m'chigawo chino iyambe maphunziro afupiafupi okhala ndi satifiketi yovomerezeka, ophatikiza malamulo oteteza ana ndi amayi, kalangizidwe ka munthu wovutika, ndi luso la magule ndi masewero. Akatswiri a ng'oma ndi nyimbo a m'midzi, ngakhale sanapite patali ndi sukulu, alembedwe ngati aphunzitsi ndipo azilipidwa. Osema ng'oma akhale m'gulu limeneli, ndipo a zankhalango atithandize kubzala mitengo yosemera ng'oma ndi kupeza chilolezo chodula mwadongosolo.

7. Aliyense wotituma kukaimba nkhani yovuta akhale ndi udindo pa chitetezo chathu ngakhale ntchito yake itatha. Pakhale munthu wodziwika kupolisi ndi kwa mfumu amene tingamuimbire tikaopsezedwa. Ana osakwana zaka 18 asayendetsedwe usiku, asavine nthawi ya sukulu, ndipo pa ulendo uliwonse pakhale mayi wamkulu wowayang'anira ndi njira yodandaulira mwachinsinsi.

8. Gule Wamkulu asatengedwe kupita kumisonkhano yandale kapena ya malonda, ndipo wofuna kujambula ayambe wapempha kwa eni mzinda. Lamulo la 2016 lifotokozedwe kwa mafumu ndi anyakwawa m'chinenero chawo. Pa ichi ndikupempha mafumu athu aakulu atitsogolere, chifukwa mawu awo ndiwo amamveka kudambwe.

9. Khonsolo ya mzinda wa Chipata ndi makhonsolo ena atipatse malo okhala ndi denga ophunzirira ndi kusungira ng'oma, ngakhale holo imodzi pa masiku oikika pa sabata.

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zatsopano, zikungofuna kuti wina alembe kalata ya malangizo n'kuisaina. Ndikupempha kuti yankho lanu libwere poyera, pa Breeze FM, Radio Maria kapena wailesi zina za m'madera mwathu, kuti anzanga a kumidzi amene alibe intaneti amve okha. Ndikupemphanso msonkhano umodzi wa magulu a magule, anamkungwi, oimira mafumu ndi maofesi anu makomiti asanayambe kusankha ntchito za CDF za chaka chamawa. Tidzabwera ndi mndandanda wa magulu a m'boma lililonse ndi nkhani zimene tathandizapo, maina a eni nkhani titawabisa.

Inu amene mwawerenga kalatayi, itumizeni kwa khansala wanu, kwa phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo ndi kwa anyakwawa a kwanu. Ngati m'mudzi mwanu muli namkungwi kapena woimba ng'oma amene sadziwa kuwerenga, muwerengereni, ndipo zimene aonjezerepo muzilembe kuti zikafike nawo kumsonkhanowo.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi woponya nyimbo ndi mlangizi wa zamalamulo,
Chipata